Diso la Mayi a Tepi ndi Galasi Langa Lowotcherera

Mumsewu mwathu muno akuti alamu anga analasidwa ndi anthu a kumwamba. Nkhaniyi imasintha malinga ndi pakamwa pamene yatulukira. Amayi ogulitsa makala amati alamu anasuzumira m'chipaipi chawo chija n'kupeza wina akuwasuzumiranso, ndipo winayo sanakondwe nazo. Wometa wa pakona amati anali atachenjezedwa kawiri kutulo koma sanamve. Pali mkulu winanso wa kwaya amene amanena motsitsa mawu kuti kumwamba kuli makatani ake, ndipo si ntchito ya telala kuwakoka.

Zonsezi ndi bodza. Ndikudziwa chifukwa ndinalipo, ndipo dzanja limene linamata galasi lija ndi lomweli lagwira cholemberali.

Alamu angawa ndi akulu ake a mkazi wanga. Anthu amawatchula kuti Mayi a Tepi, chifukwa tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo, ngakhale kumaliro amapita nayo itabisala m'kati mwa bulauzi. Asoka zovala zaka makumi atatu m'kachipinda kamene kali pakati pa shopu yanga yowotcherera zitsulo ndi ya okonza mafoni. Khoma lotilekanitsa ndi la malata, choncho makina awo ndimawamva tsiku lonse, nawonso amamva chilichonse chimene ndimanena nyundo ikaphonya msomali. Sukulu tonse tinaisiya panjira. Ine ndinathawa masamu. Iwo anasiya chifukwa mayi awo anadwala, ndipo makina a m'nyumbamo anafunika mwendo wina wopalasa.

Chinthu chimodzi muchidziwe msanga. Diso lawo lakumanzere ndi la ulemu chabe. Kuyambira ali mwana limangoona zinthu ngati zili m'chifunga. Singano, ulusi, mzere wa choko, zonsezo zakhala ntchito ya diso lakumanja lokha.

Zakuthambozi zinalowera pa makatani. Pamwamba pa sitolo ya mankhwala pali chipinda chimene koleji ina imaphunzitsiramo akuluakulu Loweruka masana. Mphunzitsi wake, mayi wamfupi woyankhula ngati akuthamangira basi, anafuna makatani akuda bii kuti azionetsa zithunzi pakhoma dzuwa lili paliwombo. Alamu anapita kukayeza mawindo, ntchito ya mphindi khumi. Anabwerako patatha maola awiri, mawindo awiri osayeza.

"Mlamu, mukudziwa kuti nyenyezi zija ndi madzuwa?" anandifunsa ataima pakhomo la shopu yanga.

"Chimene ndikudziwa n'chakuti mwasiya nsimbi ili chiyakire."

"Madzuwa, ndikukuuzani. Ndipo ambiri ali ndi maiko awo owazungulira, ngati lathuli."

"Ndiye mukufuna mukawasokere mayunifomu?"

Loweruka lotsatira analembetsa. Buku lawo la miyezo linagwira ntchito ziwiri: kutsogolo ziuno ndi zifuwa za makasitomala, kumbuyo mayina a mapulaneti ndi manambala a maziro ambirimbiri. Nthawi yopuma ankabwera kudzandiphunzitsa ndisanawapemphe. Anati pulaneti lakutali silioneka, limagwidwa ndi mthunzi wake. Likamadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake, kuwala kumazilala pang'onong'ono, ngati gulugufe akadutsa pa babu la pamwamba pa makina. Akatswiri akaligwira, amafufuza ngati lili pamalo poti madzi sangaphwe ndi kutentha kapena kuuma gwa ndi kuzizira.

"Safuna anthu a kumwamba a mitu ikuluikulu amene mumawaona pa kanema aja," anatero. "Ngakhale ndere, ndere yeniyeni ya m'ngalande, atangoipeza kumeneko akhoza kuvina mwezi wathunthu."

"Ndere ili mbwee kuseri kwa shopu yangayi. Auzeni abwere ndi ndowa."

Kalasi yawo inali ndi telesikopu imodzi, chipaipi choonera zakuthambo chija, yaitali ngati mkono wanga, ya miyendo itatu. Wophunzira aliyense ankaitenga sabata imodzi. Alamu itafika sabata yawo, ntchito inali yojambula mawanga akuda a padzuwa masiku asanu. Mphunzitsi anati nyenyezi nazo zimakhala ndi mawanga otere, ndipo banga likhoza kukupusitsa kuti wagwira pulaneti pamene palibe, choncho munthu ayambe wadziwa mawanga a nyenyezi ya pakhomo pake. Kachitidwe kake kanali kotere: umalozetsa telesikopu kudzuwa osayang'anamo, n'kugwira pepala loyera kumbuyo kwa kakamwa kakang'ono koikapo diso. Dzuwa limagwera papepalapo, lozungulira ngati mbale, iwe n'kumangolemba timadontho ndi pensulo. Pathupi pa telesikopuyo panalembedwa ndi penti yofiira: PADZUWA, DISO AYI.

Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu zinayenda. Lachinayi kunali mphepo. Ndinatuluka kukawongola msana, chigoba chowotcherera chili pamutu, n'kuwapeza pabwalo la kuseri akulimbana ndi pepala limene linkakupiza ngati likufuna kuuluka.

"Mukujambula dzira, alamu?"

"Gwirani pepalali m'malo molongolola."

Ndinaligwira. Chithunzi cha dzuwa chinali chotumbuluka, chikuvinavina. Panali kadontho kamodzi kamene sanadziwe ngati kali padzuwa kapena ndi litsiro la papepala. Anafufuta, analemba, anafufutanso.

"Bwanji osangoyang'anamo?" ndinatero.

"Werengani apo. Kapena zilembo zofiira simunafike nazo?"

"Zimenezo analembera anthu a maso osavala. Ine ndimayang'ana moto wosungunula chitsulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, zaka makumi awiri ndi zisanu. Taonani maso angawa, akuchita kunyezimira."

Ndinasolola galasi lakuda la m'chigoba changa n'kuwapatsa kuti ayang'anire dzuwa, popanda telesikopu. Anayang'ana kamphindi. Linaoneka kampira kobiriwira, kofatsa ngati mwana wakhuta.

"Mwaona? Dzuwa lanulo ndi mwana kwa moto wanga."

"Koma aphunzitsi anati..."

"Aphunzitsi anuwo anawotchererapo geti?"

Anaseka. Kuseka kumene kuja ndimakumvabe. Ndinatenga tepi yakuda yamagetsi n'kumata galasilo pa kakamwa koikapo diso, bwinobwino, mozungulira katatu, ngati munthu wodziwa ntchito. Chimene sindinachidziwe n'chakuti telesikopu imasonkhanitsa kuwala konse kolowa kukamwa kwakukulu n'kukuunjika pamalo ochepa ngati njere, pomwepo pamene ndinamata galasi langa. Ndinawerama kuti ndiyambe ndine, koma anandikankha ndi chigongono.

"Sabata ndi yanga iyi. Mukalembetse."

Anatsinzina lakumanzere, n'kuika lakumanja.

"Ee, mlamu! Akuoneka! Atatu... ayi, anayi. Limodzi lili ndi mphonje m'mbali ngati..."

Tswa!

Kaphokoso kake kanali kakang'ono, ngati batani lasweka pansi pa nsimbi. Alamu anadzuka mwadzidzidzi, dzanja lili kumaso. Sanakuwe. Galasi langa linali litang'ambika pakati, ndipo pamng'alupo pankatuluka kuwala koyera mbee.

"Tembenuzani chinthucho chisiye kuyang'ana dzuwa," anatero, mawu ali phee. Ndinatembenuza. Anachotsa dzanja, anaphethira, anaphethiranso. "Imani apo. Ayi, kutsogolo kwanga."

"Ndaima."

"Mulibe mutu."

Tsiku lina lililonse ndikanayankha kuti zimenezo mkazi wanga anazitulukira kalekale. Koma tsiku limenelo ndinangoima pamene anandiimika.

"Mapewa ndikuwaona," anatero. "Nsapato ndikuziona. Pamene payenera kukhala mutu pali chibanga."

Kuchipatala cha maso tinadikira pabenchi maola atatu. Anawadontheza mankhwala otanula diso, tinadikiranso. Zidutswa za galasi zinali m'thumba langa, ndipo ndinkangozifinya mpaka chala chinachekeka. Dokotala, bambo wa imvi wosataya mawu, anawaunika ndi kanyali nthawi yaitali.

"Chinachitika n'chiyani, mayi?"

"Ndinayang'ana dzuwa m'telesikopu."

"Simunadziwe kuti n'zoopsa?"

"Ndinadziwa."

Anathera pomwepo. Ine ndinali chiimire pakhomo ndi ovololo yanga yothimbirira, ndipo sananditchule.

Dokotala anati kuseri kwa diso kwapsa, pamalo penipeni pamene munthu amawerengera ndi kuzindikirira nkhope. Panalibe mankhwala omwa, panalibe zong'amba. Anati kwa ena banga limachepa pakapita masabata kapena miyezi, kwa ena limakhala. Tibwerenso pakatha masabata asanu ndi limodzi.

"Nanga singano?" anafunsa alamu.

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine telala."

"Lakumanzereli limaona bwanji?"

Atamuuza, dokotala anayang'ana pansi n'kuyamba kulemba. Analemba nthawi yaitali kuposa zimene zinalipo zoti alembe.

Mkazi wanga ndinamuuza tsiku lomwelo. Ndinkayembekeza phokoso, ndipo phokoso ndikanalilandira. Iye anangondiyang'ana.

"Munamata ndinu?"

"Ndine."

"Mukudziwa kuti achemwali ali ndi diso limodzi?"

"Ndikudziwa."

Anapinda bulangeti lake n'kupita kukakhala kwa achemwali ake, kuti aziwathandiza pamoto ndi pamsewu. Anakhalako mwezi.

M'mawa uliwonse alamu ankabwerabe kushopu, atavala magalasi akuda chifukwa kuwala kunkawasautsa. Magalasiwo ndi amene anabala mphekesera zija. Ankalowa, n'kutseka chitseko. Ine ndinkazimitsa chopalira zitsulo n'kutchera khutu pamalata. Zii. Zaka zonsezi ndinkadandaula kuti makina awo amandiboola mutu, koma kuti ziiko kunali koipa kuposa. Makasitomala anayamba kubwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo. Ankapepesa mwaulemu, kenako n'kuwoloka msewu kupita kwa telala wina.

Tsiku lina ndinasuzumira pa kabowo ka msomali. Anali atakhala pampando, singano kudzanja ili, ulusi kudzanja ilo. Ananyambita nsonga ya ulusi, anayandikizitsa, ulusi unadutsa pambali. Ananyambitanso. Ndinawerenga kakhumi ndi kawiri, kenako ndinalowa.

"Alamu, ndizikulowetserani ulusi m'mawa uliwonse. Singano zonse, ngakhale makumi asanu."

"Ndi zala zimenezo?"

"Zimagwira waya wochepa kuposa pamenepo."

"Ndiye muzikhalanso pano n'kumandiuza pamene singano ikuluma? Ulusi si nkhani, mlamu. Ndikayang'ana pamene ndikusoka, ndi pomwepo pamene palibe."

Pamenepo ndinaona tepi ina itakhomedwa pakhoma chopingasa, ndipo pansi panali mzere wa choko. M'mawa uliwonse ankaima pamzerepo, n'kutsinzina lakumanzere, n'kuyang'ana pa nambala makumi asanu. Ankaona kuti manambala asowa kuyambira pati mpaka pati, n'kulemba kumbuyo kwa buku ndi zilembo zikuluzikulu zokhotakhota. Banga lawo ankaliyeza ngati chiuno cha kasitomala. Sabata yoyamba linkadya masentimita asanu ndi anayi. Yachiwiri, asanu ndi limodzi. Yachitatu, anayi, kenako awiri. Pa awiripo linaima. Tsamba linadzaza: 2, 2, 2, 2, masiku asanu ndi anayi otsatizana.

"Mwina mawa," ndinatero.

"Tulukani, mukundiimira pamzere."

Ndinenenso ichi. Pamene wometa ankandimeta n'kumafotokoza za maloto aja, anthu ali tcheru pabenchi, ine ndinangokhala duu, nsalu ili m'khosi. Wina anandifunsa kuti inu oyandikana nawo munaona chiyani, ndinati ndinali m'kati. Munthu amene pakamwa pake sipatsekeka ngakhale m'tchalitchi, tsiku limenelo ndinabisa zoona.

Mphunzitsi anabwera sabata yachinayi. Telesikopu inali itabwezedwa ndi wophunzira mnzawo, ndipo mphunzitsiyo anangomva kuti Mayi a Tepi akudwala. Koma anali ataona zomata za tepi yakuda pa kakamwa kaja. Anafika atanyamula kakamwako m'manja, n'kukaika pa thebulo lodulirapo nsalu.

"Amayi, apa panamatidwa chiyani?"

Ndinamva kudzera pamalata. Alamu anayamba kunena kuti anayesa okha, koma ndinali nditalowa kale. Ndinatulutsa zidutswa zija n'kuziika pambali pa kakamwako.

"Ndi langa. La m'chigoba."

Mayi woyankhula mofulumira uja anatola chidutswa chimodzi n'kuchiyang'anitsitsa.

"Bambo, galasi lanuli mwaliika pamene moto wonse wasonkhana. Chotchinga dzuwa chimakhala kutsogolo, kukamwa kwakukulu, kuwala kusanalowe. Ndipo chimakhala chopangidwira ntchito imeneyo, osati ichi." Anatembenukira kwa alamu. "Ndipo inu munadziwa."

"Ndinadziwa, aphunzitsi."

"Ndinalemba ndi penti."

"Yofiira."

Ndinaganiza kuti awachotsa m'kalasi, ndipo ndikuganiza kuti nayenso ankaganiza zomwezo. Koma maso ake anagwera pa tepi ya pakhoma ndi mzere wa choko. Anafunsa, alamu anamupatsa buku. Anatsegula masamba limodzi ndi limodzi, chala chikutsika pamanambala, mpaka pa mzere wa ma 2 uja.

"Ine si dokotala," anatero, "ndipo musasiye kupita kwa dokotala. Koma pali chimene tikanaphunzira mwezi wamawa. Nyenyezi ikakhala yozilala kwambiri, ukaiyang'ana mwachindunji imasowa. Umayang'ana pambali pake pang'ono, maganizo ako ali pa iyo, ndiye imatulukira. M'mbali mwa diso simuona mwakuthwa ngati pakati, zimenezo ndisakunamizeni. Koma banga lanu lachepa. Mwina m'mphepete mwake mwatsala pogwira."

Alamu anavula magalasi akuda. Anatenga singano ndi ulusi woyera, n'kupita pawindo.

"Ndiyang'ane pati?"

"Pa chikhadabo cha chala chimene chagwira singano. Osati pa bowo."

Anayesa. Diso linathawira pa bowo lokha, monga lazolowera zaka makumi atatu, ndipo ulusi unapita kumbali. Anayesanso, chimodzimodzi. Kachitatu nsonga ya ulusi inayalala, anaidula ndi mano. Kachinayi ataphonyanso, anaika singano pansi n'kupukuta zikhatho pa siketi.

"Alamu, mwina mupume kaye..."

"Mlamu, mukatsegulanso pakamwa ndikusokani."

Ndinatseka. Kunja galimoto inadutsa, okonza mafoni ankakangana ndi kasitomala, koma m'kachipindamo munali anthu atatu osapuma. Anapendeketsa mutu ngati nkhuku yaona mphamba, maso ali pa chikhadabo. Ulusi unayenda pang'onopang'ono. Unagunda chitsulo, unapindika. Anaubweza pang'ono. Unapitanso.

Anangogwira nsonga kutsidya kwa singano n'kukoka, ulusi n'kutsatira.

Mphunzitsi anakhala pansi pa mulu wa nsalu. Ine ndinatuluka kukayang'ana chinthu chimene sindinachisiye panja.

Madzulo ake makina anamveka. Analira pang'ono, anaima, analiranso. Mzere woyamba pa kansanza unali wokhota ngati njira ya woledzera, ndipo anakaponya pamwamba pa khoma kuti kagwere m'shopu yanga. Anasoka tinsanza sabata yathunthu asanakhudze nsalu ya munthu. Tsiku la dokotala litakwana, anati banga latsala laling'ono koma likuoneka kuti lakhazikika, asayembekezere zambiri. Mpaka lero tepi ya pakhoma imanena 2.

Amasoka tsopano, mochedwa kuposa kale, mutu uli chopendekeka. Ulusi wakuda pa nsalu yakuda anausiya, ndipo maluwa ang'onoang'ono a pa madiresi amatumiza kutsidya kwa msewu. Makasitomala ena anabwerera, ena ayi. Ukamayankhula nawo amakuyang'ana pakhutu, ndipo ana ena amawathawa chifukwa cha zimenezo. Kukalasi amapitabe. Mayeso oyamba anakhoza, ngakhale anapempha kuti mafunso awalembere ndi zilembo zazikulu. Mkazi wanga anabwerera kunyumba, koma chigoba changa akachiona pampando amachitembenuza chiyang'ane kukhoma.

Sabata yatha amayi ogulitsa makala aja anabwera ndi diresi loti liwonjezeredwe m'chiuno. Ndinali pakhomo ndikupala geti. Anayamba ndi za mvula, za mitengo ya zinthu, kenako anatsitsa mawu.

"Koma Mayi a Tepi, tiuzeni zoona ife anzanu. Akuti munawaona. Akuti anakulozani ndi chala cha moto."

Alamu anachotsa tepi m'khosi.

"Kumwamba kulibe amene akundidziwa ine, mayi. A makina akuluakulu akufufuzabe, sanapeze ngakhale kachilombo. Chinanditentha ndi dzuwa lomweli mumayanikapo zovala, chifukwa anandiuza kuti ndisayang'ane ndipo ndinayang'ana. Kwezani mikono ndikuyezeni."